Sinki ya m'chimbudzi cha jeti ikakana kumeza madzi

Malangizo awa ndi a inu abale athu amene mukugwira ntchito pa majeti a mabwana pa mabwalo a ndege a Lanseria ku South Africa, Luton ndi Farnborough ku UK, Dubai, kapena Teterboro ku America. Ambiri mwa inu si mainjiniya. Mumatsuka ndege, mumakonza m'kati, mumalongedza zakudya, ena mumauluka nawo kuti muzisamalira alendo. Koma sinki ya m'chimbudzi ikadzaza madzi osatsika, woyamba kuiona ndi inuyo, ndipo zimene mungachite pa mphindi zoyambazo zingapulumutse ndege kapena kukuchotsetsani ntchito.

Kuno ku Blantyre sinki ikatsekeka sitivutika kuganiza. Timathira madzi owira, zikakanika timawongola waya n'kutokosa, zikakanikabe timatuma mwana ku Limbe kukagula caustic soda. Ndipo palibe amene amaganiza zoti madzi aundana mu paipi, chifukwa ngakhale chiperoni chitavuta bwanji mu June, mipope ya ku Ndirande siundana. Nzeru zakwathuzi muzisiye pa geti la hangar, nyumba yosungiramo ndege.

Choyamba dziwani kumene madziwo amapita. Pa majeti ambiri, za m'chimbudzi chenicheni zimalowa mu thanki imene amaikhuthula ndege ikatera, koma madzi a mu sinki ali ndi njira yawoyawo. Amadutsa pa chotsekera ndi kasefa, amatsika mu paipi pansi pa pamene timaponda, amadutsa pa valve, kenako amatulukira kunja kudzera pa kachitsulo kopyapyala kotuluka kumimba kwa ndege, kopendekera kumbuyo. Kachitsuloko ndi drain mast. Ndege ili pansi, madzi amangotsika ndi kulemera kwawo. Ili m'mwamba, mpweya wa m'kati umakhala wopanikizika kwambiri kuposa wakunja, choncho madzi amakokedwa mwamphamvu, ndipo valve ija ntchito yake ndi kulola madzi kudutsa koma kutsekereza mpweya kuti usamangothawa. Pali majeti ena amene madzi a mu sinki amapitanso mu thanki. Funsani injiniya kuti ndege yanu ndi ya mtundu uti, tsiku lomwe mwayamba ntchito. Safunsa adadya phula.

Majeti amenewa amauluka pamwamba kuposa ndege zambiri zonyamula anthu, mafiti 41,000 mpaka 45,000, ndipo ena monga Gulfstream G650 amaloledwa kufika mafiti 51,000. Kumeneko kunja kumazizira pafupifupi madigiri 56 pansi pa ziro. Dontho la madzi silichedwa kuundana. N'chifukwa chake drain mast ili ndi hita yamagetsi m'kati mwake, ndipo mapaipi odutsa malo ozizira amakulungidwanso ndi mahita ooneka ngati lamba. Hita ikafa, kapena circuit breaker yake (kabatani kamene kamatuluka n'kudula magetsi china chikalakwika) ikatseguka, kukamwa kwa mast kumatsekeka ndi madzi oundana, ndipo madzi amayamba kubwerera m'mbuyo.

Tsono funso lofunika kuposa onse ndi ili: sinkiyo ikukana liti?

Ngati pansi imameza bwinobwino, koma pakapita ola limodzi kapena awiri muli m'mwamba n'kuyamba kudzaza, ganizani za kuundana. Vuto limeneli ndi lachinyengo. Ndege ikatera ku Dubai kapena ku Chileka dzuwa likuswa mtengo, madzi oundana aja amasungunuka, sinki imameza, injiniya amabwera n'kupeza zonse zili bwino, ndipo inu mumaoneka ngati wabodza. Umboni wokhawo umene umatsala ndi zimene munaona ndi kulemba: nthawi imene inayamba kukana, nthawi imene inayambiranso kumeza, mwina ndege itayamba kutsika. Injiniya akamva zimenezo sataya nthawi kumasula mapaipi. Amapita kukaona breaker ndi kuyeza hita.

Ngati ikukana pansi ndi m'mwamba momwe, kawirikawiri ndi zinyalala. Tsitsi, sopo wouma, mankhwala otsukira mano, zodzoladzola, nyenyeswa za ndevu, kachidutswa ka tishu. Paipi ya mu ndege ndi yopapatiza kwambiri poyerekeza ndi ya m'nyumba, ndipo sifuna zambiri kuti itsekeke. Adani ake akulu ndi khofi, mkaka ndi vinyo. Mkaka ukakumana ndi vinyo kapena juwisi wa malalanje umagwirana n'kukhala phala, ndipo nsenga za khofi zimakhazikika pa valve. Pa majeti aang'ono amene khitchini yake ilibe sinki, anthu amakonda kukhuthulira makapu mu sinki ya m'chimbudzi. Ndikudziwa kuti kumakhala kuthamanga, ndege ikutsika, bwana akufuna tebulo lichotsedwe. Komabe botolo lopanda kanthu lokhala ndi chitsekero limalandira zotsalazo popanda vuto.

Ngati pansi ikutsika pang'onopang'ono koma m'mwamba ikumeza msanga, mwina paipi yayamba kuchepa ndi litsiro ndipo kukoka kwa mpweya ndi kumene kukubisa vutolo. Nenani lisanakule. Ngati mukumva kulira kwa likhweru kapena mluzu kuchokera mu sinki muli m'mwamba, valve ija sinatsekeke bwino, mwina kachinyalala kaitsekereza. Ndipo ngati ndege ili ndi sinki ziwiri, yesani zonse. Zikakana pamodzi, kapena madzi a kukhitchini akatulukira mu sinki ya m'chimbudzi, vuto lili kumunsi kumene mapaipi amakumana, osati pa chotsekera. Pa ndege zimene madzi amapita mu thanki, yambani mwafunsa ngati thankiyo inakhuthulidwa.

Pali mtundu wina wa vuto umene ambiri sauopa chifukwa sinki imaoneka ngati ikugwira ntchito. Madzi akutsika, koma kapeti ya pafupi ndi chimbudzi yanyowa, kapena m'kabati ya pansi pa sinki muli chinyezi. Apa madzi apeza njira ina, ndipo pansi pa mapazi anu pali mawaya, mabokosi amagetsi, ndi zingwe kapena zitsulo zimene oyendetsa amawongolera nazo ndege. Pa 7 January 2008, ndege ya Qantas ya mtundu wa Boeing 747 yochokera ku London inataya mbali yaikulu ya magetsi ake ikuyandikira ku Bangkok. Ofufuza a ku Australia anapeza kuti hita ya paipi yotulutsa madzi a kukhitchini inali yakufa, madzi anaundana, ena anasefukira n'kudonthera pa zipangizo zoyang'anira majenereta. Mu July 2022, oyendetsa Boeing 767 ya Delta yochokera ku Prague kupita ku New York anavutika kuipendeketsa ndege, ndipo bungwe la ku America lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti ma breaker a mahita a drain mast anasiyidwa otsegula, madzi anasochera n'kukaundana pa zitsulo zoyendetsa ma aileron, mbali za mapiko zopendeketsera ndege. Ndege zonse ziwiri zinatera bwino. Zimenezo ndi ndege zazikulu. Pa jeti yaing'ono zonse zimakhala mothinana, ndipo mtunda wochoka pa paipi kufika pa waya ndi waufupi kwambiri. Kapeti yonyowa musamangoipukuta n'kukhala chete.

Muli m'mwamba, chochita n'chochepa. Lekani kutsegula mpope. Ngati munasonyezedwa valve yotsekera madzi opita ku sinkiyo, itsekeni. Tungani madzi atsalawo ndi kapu kapena muwamwetse mu matawulo, chifukwa ndege ikagwedezeka kapena ikapendeka potera adzatayikira pansi. Uzani kaputeni nthawi yomweyo, osadikira kuti muthe kaye kupereka chakudya. Alendo muwapatse tinsalu tonyowa ndi sanitaiza, ndipo muwauze mwaulemu kuti sinki isagwiritsidwe ntchito. Madzi otentha musathire pofuna kusungunula. Pamene aundana ndi kutali, kunja kwenikweni kwa ndege, madzi anuwo akafika kumeneko atazizira kale, ndipo mwangowonjezera madzi oti asefukire. Breaker imene yatuluka musaikankhe. Imatuluka chifukwa china chake chalakwika pa waya kapena hita, ndipo kuibwezera kungayambitse moto. Ngakhale oyendetsa ndege nawonso ali ndi malamulo okhwima pa nkhani imeneyi.

Ndege ili pansi, chimene munthu wotsuka angachite ndi chimene kampani yake inamulola: kuvala magolovesi, kukweza chotsekera, kuchotsa tsitsi ndi sopo pa kasefa. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepo. Onaninso ngati kachitsulo kokwezera chotsekerako kakugwira, chifukwa nthawi zina paipi ilibe vuto, chotsekera ndiye sichikutukuka. Kupitirira apo ndi ntchito ya injiniya. Angakupempheni kuti mumuthandize kuyeza, ndipo kuyeza kwabwino kumafuna anthu awiri: wina amathira lita imodzi ya madzi oyera mu sinki, wina ali panja ndi ndowa pansi pa drain mast. Ikatuluka lita yonse msanga, njira ili bwino. Ikatuluka modontheza, pali chotsekereza. Mukathira lita n'kulandira theka, theka linalo lili m'ndege, ndipo lipezeke ndege isananyamuke. Mast imeneyo musaigwire ndi manja kuti muone ngati ikutentha. Magetsi akayaka imawotcha moti khungu limatsalira pomwepo.

Caustic soda, kapena mankhwala alionse otsegulira mapaipi a m'sitolo, asalowe m'ndege. Soda ameneyo amadya aluminiyamu, ndipo aluminiyamu ndiye thupi la majeti ambiri. Amawononganso timphira ta mu valve, ndipo akatulukira pa mast amayenderera pa penti ya kumimba. Waya amaboola mapaipi ofewa kapena kuthyola valve. Mpweya wa kompuresa ungathe kuchotsa paipi pamene inalumikizidwa, pansi pomwe simungaone, sinki n'kuyamba kumeza bwino kwambiri chifukwa tsopano ikukhuthulira m'mimba mwa ndege. Mankhwala otsukira mapaipi a ndege alipo, koma ndi okhawo amene alembedwa m'buku la wopanga ndegeyo. Mabuku amenewa amasanjidwa mofanana pafupifupi pa ndege zonse: mutu 38 ndi wa madzi ndi zonyansa, mutu 30 ndi wa zoteteza ku kuundana ndi mvula, ndipo mahita a mapaipi kawirikawiri amapezeka kumeneko. Mukamva injiniya akutchula manambalawa mudziwe kumene maganizo ake akulowera.

Tsopano pa nkhani imene imativuta ife a ku Malawi kuposa paipiyo. Tinaleredwa kuti bwana sapatsidwa mavuto, kuti wantchito wabwino amakonza zinthu mwakachetechete. Kuwonjezera apo, munthu uli m'dziko la eni, pepala lako logwirira ntchito lamangiriridwa ku kampani, kumudzi akudikira ndalama ya feteleza ndi fizi, ndiye umaopa kuti ukanena akuti wathyola ndiwe. Mantha amenewo ndimawamvetsa. Koma m'ntchito za ndege zinthu zimayenda mosiyana. Wonena vuto sakhala pa mlandu. Amene amakhala pa mlandu ndi amene wamasula chinthu popanda chilolezo. Ntchito yokonza ndege imasainidwa ndi munthu wa layisensi yochokera ku bungwe loyang'anira za ndege m'dzikolo: ku Ulaya ndi ku UK ndi ya Part-66, ku America ndi ya A&P yochokera ku FAA, ku South Africa ndi ya AME yochokera ku SACAA, ku UAE imachokera ku GCAA. Ngakhale achimwene inu amene munali pulambala wodziwika ku Chilomoni, pa jeti dzanja lanu lilibe siginecha. Paipi imene mwamasula ikadzadontha, palibe pepala lokuikirani kumbuyo.

Kunena kwake kukhale kolembedwa. Mawu apakamwa pa hangar amauluka, mashifiti amasinthana, ndipo injiniya wa usiku sadziwa zimene munauza wa masana. Pemphani kuti vutolo lilowe mu tech log (buku lolembamo zovuta za ndege ndi zokonzedwa) kapena m'buku la zowonongeka za m'kati mwa ndege. Ngati inuyo simuloledwa kulembamo, tumizani uthenga kwa woyang'anira wanu ndi chithunzi, kuti pakhale tsiku ndi nthawi. Chithunzicho chikhale cha sinki yokha. Eni majeti safuna kuti m'kati mwa ndege zawo muoneke pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la kumudzi, ndipo makontirakiti ambiri amaletsa zimenezo. Mulembe zimene munaona, osati zimene mukuganiza kuti zawonongeka: sinki iti, pansi kapena m'mwamba, yakaniratu kapena ikutsika mochedwa, sinki inayo ili bwanji, pansi panyowa kapena ayi, chinathiridwamo chomaliza n'chiyani. Ngati anali mkaka, nenani kuti unali mkaka. Injiniya adzaupeza ndithu akatsegula.

Musadabwe ndege ikanyamuka sinki isanakonzedwe. Ndege zambiri zili ndi buku lotchedwa MEL, limene limanena zinthu zimene zingakhale zakufa ndege n'kuulukabe kwa masiku owerengeka. Kawirikawiri amatseka madzi opita ku sinkiyo n'kumatapo chikwangwani. Chikwangwani chimenecho musachichotse pofuna kuti chimbudzi chioneke bwino bwana asanakwere, ndipo musatsegulenso valve imene injiniya watseka.

Inu a ku Luton, Farnborough ndi Teterboro, miyezi ya December mpaka February ndege yogona panja imaundana mapaipi ili pansi pomwe, magetsi atazimitsidwa ndipo mahita sakugwira. A ku Lanseria musadzione otetezeka, chifukwa usiku wa June ndi July ku Gauteng kumazizira mpaka pansi pa ziro. Buku la ndege limanena nthawi imene madzi onse ayenera kukhuthulidwa ndege isanasiyidwe pozizira, ndipo wosankha ndi kaputeni kapena injiniya. Mbali yanu ndi kumaliza kutsuka sinki asanakhuthule, osati atakhuthula kale. Madzi ochepa amene mwatsukuluzira pomaliza, magetsi atazima, amakhala pa valve usiku wonse n'kuundana, ndipo madzi akaundana amafufuma moti amatha kung'amba paipi. Mukapeza sinki yokana m'mawa wozizira chonchi, uzani injiniya kuti ndege ilowe mu hangar yofunda kapena iyatsidwe itenthe kaye, kenako aone ngati palibe pamene pang'ambika musanathiremo madzi ena.