Kamwedwe ka propantheline ngati muli ndi zilonda zam'mimba

Choyamba mudziwiretu kuti mapilitsi amenewa sapoletsa chilonda ayi. Anthu ambiri akamwa propantheline kapena mnzake glycopyrrolate, m'mimba mukangosiya kupotokola amati basi maalsa atha, chonsecho chilonda chija chili phee mkatimo. Ntchito yake ndi kutsekereza acetylcholine, kamene mitsempha imatumizira uthenga kuchifu kuti chitulutse asidi komanso kumatumbo kuti azifinya. Uthengawo ukatsekeka asidi amachepako, kukokana kumaleka, ululu umazizira. Vuto ndi loti uthenga womwewo ndi umene umayendetsanso malovu, thukuta, chikhodzodzo ndi maso, ndiye zovuta zonse za mankhwalawa zimachokera pomwepo.

M'ma 1950 propantheline anali mankhwala odalirika a maalsa, koma atabwera mankhwala ochepetsa asidi mwamphamvu, cimetidine mu 1976, kenako omeprazole kumapeto kwa ma 1980, anatsalira m'mbuyo. Komanso madokotala Barry Marshall ndi Robin Warren aku Australia anasonyeza kuti zilonda zambiri zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, mpaka analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2005. Ndiye ngati adokotala akupatsani propantheline, afunseni kuti nanga chopha bakiteriyayo ndi chochepetsa asidi chili kuti, chifukwa nthawi zambiri pamafunika omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri, monga amoxicillin ndi clarithromycin, kwa masiku 7 mpaka 14. Propantheline amangothandizira pambali. Ndipo ngati mukumwabe ibuprofen, diclofenac kapena aspirin osawauza adokotala, mukungotunga madzi ndi dengu, amenewo nawonso amakumba chilonda.

Kamwedwe kake tsopano. Pilitsi limodzi nthawi zambiri limakhala la 15 mg, ndipo munthu wamkulu amamwa limodzi katatu patsiku asanadye, kenako 30 mg pogona. Asanadye apa sindikunena kuti mumeze pilitsi mbale ili kale patsogolo ayi, mwani kukadali mphindi 30 kapena ola lathunthu, chifukwa chakudya chimapangitsa kuti ochepa okha alowe m'magazi, komanso mukufuna kuti chakudya chikamafika m'chifu chipeze mankhwala ayamba kale ntchito. Mlingo wa pogona uja umakula chifukwa usiku chifu chimakhala chopanda kanthu koma asidi akutulukabe, ndi nthawi imene anthu ambiri amadzuka nawo ululu. Achikulire ndi anthu ochepa thupi amawayambitsa pa 7.5 mg. Osapitirira 120 mg patsiku, ndipo ngati muli pa glycopyrrolate malire ake ndi 8 mg, manambala a mankhwala awiriwa osawasakaniza chonde. Zimene alemba pa kathumba kanu ndi zimene muzitsatira zikasiyana ndi zanga apa. Mukaiwala kumwa ndipo nthawi ya lotsatira yayandikira, lisiyeni loiwalikalo, osamwa awiri kuti mubwezere.

Ngati mumamwanso maantasidi aja oyera ngati mkaka kapena otafuna, siyanitsani ndi ola limodzi kapena kuposa, amalepheretsa pilitsi kulowa bwino m'thupi.

Kuuma kukamwa yembekezerani, pafupifupi aliyense kumamupeza, mumadzuka lilime lili gwaa ngakhale kumeza kumavuta. Muziyenda ndi botolo la madzi n'kumapsontha pang'onopang'ono, chingamu chopanda shuga chimathandizanso kuitana malovu, ndipo mano muzitsuka mwakhama chifukwa malovu akachepa mano amabowoka msanga, izi anthu sazilabadira mpaka dzino litayamba kuwawa. Kudzimbidwa nako kumabwera poti matumbo ayamba ulesi, madzi ambiri, zipatso ndi masamba zimathandiza. Maso amatha kuona mwachimbuuzi makamaka zapafupi, mameseji pa foni amangosakanikirana, kuwala kumathobwa m'maso, ndiye masiku oyamba musayendetse galimoto kapena kugwira makina mpaka mutaona mmene thupi lanu lawalandirira. Mowa usiyeni kaye, umawonjezera tulo ndi chizungulire, komanso chilondacho sichigwirizana nawo.

Chimene ine ndimaona kuti n'choopsa koma sichinenedwa mokwanira ndi nkhani ya thukuta. Mankhwalawa amachepetsa thukuta, ndiye kukatentha kapena mukamagwira ntchito yolemetsa padzuwa thupi limalephera kudziziziritsa, munthu amangotentha khungu lili louma, mutu waa, kenako kukomoka. Mukaona kuti anzanu ali thukuta kamukamu inu muli ouma koma mukutentha, pitani pamthunzi msanga, dzithireni madzi, ndipo mukayamba kusokonezeka mutu wina akuthamangitsireni kuchipatala.

Pali anthu amene sayenera kuwayandikira n'komwe. Amene ali ndi matenda a maso a glaucoma, mtundu uja wotsekeka ngodya, chifukwa presha ya m'diso imatha kukwera mwadzidzidzi. Abambo amene prostate (kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo) inakula ndipo mkodzo umatuluka modontha kale, mankhwalawa amatha kuutsekeratu. Odwala myasthenia gravis (matenda ofooketsa minofu), amene matumbo anatsekeka, ndi amene ali ndi ulcerative colitis (kutupa ndi zilonda m'matumbo aakulu) yaikulu. Ngati vuto lanu lenileni ndi chilungulira, asidi kukwera kukhosi, amatha kuchikulitsa chifukwa amafewetsa kakhomo kapakati pa kum'mero ndi chifu. A matenda a mtima, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa anene kaye asanalandire, ndipo agogo muziwayang'anitsitsa poti iwo zovuta zonsezi zimawagwira msanga kuposa achinyamata.

Nenaninso mankhwala ena onse amene mukumwa, ngakhale a chimfine ogula nokha. Chlorpheniramine, amitriptyline ndi Buscopan amaumitsanso thupi mofananamo, ndiye mukawaphatikiza zovuta zija zimaunjikana. Metoclopramide yekha amakoka mbali ina, iye amafulumizitsa chifu pamene propantheline akuchichedwetsa, mapeto ake onse awiri sagwira bwino.

Siyani kumwa mankhwalawa ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mkodzo ukakanika kutuluka, diso likafiira n'kumawawa mukuona zizungulizunguli pa magetsi, mtima ukamathamanga osaleka, kapena mimba ikatupa mpweya osatuluka. Chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi kapena zinthu zooneka ngati matsokwe a khofi, ndi ululu wadzidzidzi woumitsa mimba yonse, zimenezo ndi chilonda chikutaya magazi kapena chabowoka, musadikire kuche ndipo musamwe pilitsi lina kuti muone ngati zisinthe.