Makina atatu, adiresi imodzi

Ndinagwiritsa ntchito pulogalamu ya Packer popanga template (makina achitsanzo okoperako ena) ya Ubuntu 22.04 pa Proxmox, pulogalamu yoyendetsera ma virtual machine (makompyuta ongoyerekezera amene amayenda mkati mwa kompyuta yeniyeni), kuti ndikafuna virtual machine yatsopano ndizingokopera m'malo moika chilichonse pamanja. Vuto linaonekera nditakopera makina atatu: onse analandira adiresi imodzi ya IP (adiresi ya makina pa netiweki), moti netiweki inkangodukaduka ndipo SSH, njira yolowera m'makina uli patali, inkandilowetsa m'makina amene sindinawafune.

Poyamba ndinkaganiza kuti yalakwa ndi seva ya DHCP, imene imagawa maadiresi a IP, chifukwa maadiresi a MAC (nambala zozindikiritsa khadi la netiweki la makina alionse) anali osiyana bwinobwino. Gwero lake linali fayilo ya /etc/machine-id, imene imasunga nambala yozindikiritsa makina. Popempha adiresi, systemd-networkd, pulogalamu yolumikiza makina ku netiweki, imadzidziwikitsa ndi nambala yochokera m'fayiloyi osati MAC, ndipo popeza template inasunga nambala ya makina oyamba amene inachokerako, seva inkaona makina onse atatu ngati amodzi.

Ndinawonjezera gawo lomaliza mu Packer limene limachotsa zolembedwa m'fayiloyo ndi lamulo la truncate -s 0 koma kusiya fayiloyo pamalo pake, kuti systemd, pulogalamu yoyambitsa zinthu makina akamayaka, ilembemo nambala yatsopano makina akayaka koyamba. Pagawo lomwelo ndinafufutanso ma host key a SSH (makiyi ozindikiritsa makina polowamo), amene nawonso akanakhala ofanana pa makina onse, kenako ndinayendetsa lamulo la cloud-init clean kuti cloud-init, pulogalamu yokonza makina akayaka koyamba, idzapange makiyi atsopano. Nditapanganso template, makina alionse analandira adiresi yawoyawo.