Mmene mungayezere ntchito ya wofufuza ndi kutchulidwa kwake m'zolemba za anzake

Munthu amene wakhala zaka zambiri akufufuza za matenda a chiwawu m'minda ya mbatatesi ya ku Bembeke kapena ku Tsangano amafika tsiku lina poti akufuna kukwezedwa pa ntchito, kapena akupempha ndalama zochitira kafukufuku wina, ndipo fomu imene amupatsa imamufunsa kuti walemba mapepala angati, mapepalawo atchulidwa kangati, ndiponso h-index yake, nambala yoonetsa mmene mapepala akewo akutchulidwira m'zolemba za ofufuza ena, ndi chiyani. Ambiri amangotsegula Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo zolemba za maphunziro, n'kukopera nambala imene aipeza pamenepo. Nambala yotere kawirikawiri imakhala yolakwika, ndipo ngakhale itakhala yolondola, payokha sinena zambiri. Njira imene ndikufotokoza pano ndi yothandiza wofufuza mwiniwake, komanso amene wapatsidwa udindo woyeza ntchito ya mnzake pa komiti.

Tiyambe ndi chimene chimawerengedwacho. Wofufuza akalemba pepala, amaika kumapeto kwake mndandanda wa zolemba za ena zimene wadalira, ndipo pepala lililonse limene laikidwa pa mndandandawo limakhala kuti latchulidwa kamodzi. Kutchulidwa kumeneku ndi kumene a ku yunivesite amati citation. Amene anayambitsa zowerenga zimenezi mwadongosolo ndi Eugene Garfield wa ku America, yemwe anatulutsa Science Citation Index mu 1964, ndipo maganizo ake anali akuti ntchito imene ofufuza ena akubwererako kawirikawiri ndiye kuti ikuwathandiza.

Musanawerenge chilichonse, lembani kaye mndandanda wonse wa zolemba za munthuyo, ndipo muzisiyanitse. Mapepala amene anatuluka m'magazini a kafukufuku ataunikidwa ndi akatswiri ena akhale paokha. Mabuku ndi mitu ya m'mabuku ikhale payokha. Zimene anakawerenga ku misonkhano, malipoti a ku unduna kapena ku mabungwe, ndiponso buku limene analemba pomaliza digiri, zikhalenso pazokha. Pa chilichonse mulembe chaka, dzina la magazini, mayina a olemba onse monga mmene anandandalikidwira, ndi nambala ya DOI, yozindikiritsa cholembacho pa intaneti, ngati ilipo. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma ndi pamene pagona kulondola kwa zonse zotsatira.

Vuto lalikulu kwa ife Amalawi pa siteji imeneyi ndi mayina. A Phiri, a Banda ndi a Mwale ndi ochuluka kuno, ku Zambia ngakhalenso ku Mozambique, moti makina akaona chilembo chimodzi cha dzina loyamba ndi mfunda, amasakaniza dokotala wa ana ndi katswiri wa nkhalango. Mayi amene anayamba kulemba ndi dzina la bambo ake, kenako n'kutenga la mwamuna wake, ntchito yake imagawika pawiri. Mankhwala ake ndi ORCID, nambala ya zilembo 16 yozindikiritsa wofufuza aliyense payekha, imene inayamba kuperekedwa mu 2012 ndipo salipiritsa. Mukaitenga, muziilemba pa pepala lililonse limene mukutumiza, ndipo mulumikize ku nambalayo zolemba zanu zakale zonse. Ndi bwinonso kusankha kalembedwe kamodzi ka dzina lanu n'kukakamira komweko moyo wanu wonse.

Tsopano musankhe kowerengera. Malo odziwika ndi atatu: Google Scholar, Scopus ya kampani ya Elsevier, ndi Web of Science ya kampani ya Clarivate. Google Scholar ndi yaulere, ndipo munthu amene ali pa boma la Dedza kapena pa Lizulu akhoza kuitsegula pa foni bola akhale ndi bandulo. Imatola pafupifupi chilichonse chooneka ngati cholemba cha maphunziro, kuphatikizapo mabuku a ophunzira a digiri ndi malipoti, n'chifukwa chake nambala zake zimakhala zokwera. Scopus ndi Web of Science zimangowerenga m'magazini amene zinawasankha, ndipo kuti muone zonse pamafunika kuti sukulu yanu ikhale kuti inalipira, ngakhale kuti Scopus imalola aliyense kuona mwachidule tsamba la wolemba. Choncho munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi nambala zitatu zosiyana, ndipo palibe yabodza mwa zitatuzo. Cholakwika ndi kuyerekeza nambala ya pa Google Scholar ya munthu uyu ndi ya pa Scopus ya munthu uyo.

Ngati mwasankha Google Scholar, tsegulani tsamba lanu ndipo mulisese. Chotsani mapepala a anthu ena amene alowamo chifukwa cha kufanana kwa mayina, phatikizani pepala limene likuoneka kawiri kapena katatu, ndipo muzimitse chilolezo choti makina aziwonjezera okha zolemba musanazione. Amene akuyeza munthu yemwe alibe tsamba akhoza kugwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Publish or Perish, imene anakonza Anne-Wil Harzing, koma nayonso imafuna kuti muchotse ndi manja zimene si za munthuyo.

H-index anaiyambitsa mu 2005 ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku University of California, San Diego, ndipo mukhoza kuiwerenga nokha ndi pensulo. Ndandalikani mapepala kuyambira lotchulidwa kwambiri kutsikira pansi, ndipo muwapatse manambala 1, 2, 3 mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti wofufuza wa mbatatesi uja ali ndi mapepala 10 amene atchulidwa motere: 42, 19, 11, 8, 6, 5, 3, 2, 1 ndi 0. Tsikani mukufunsa ngati pepala latchulidwa kofika pa nambala ya malo ake. Loyamba, lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi apambana mosavuta. Lachisanu latchulidwa ka 6, ndipo 6 ndi woposa 5, choncho lapambana. Lachisanu ndi chimodzi latchulidwa ka 5, koma limafunika 6, ndiye pamenepo mwaima. H-index ya munthuyu ndi 5, kutanthauza kuti ali ndi mapepala 5 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 5. Kutchulidwa konse pamodzi ndi 97, ndipo i10-index, chiwerengero cha mapepala otchulidwa kosachepera ka 10 chimene Google Scholar imaonetsa, ndi 3, popeza mapepala amene afika pa 10 ndi atatu okha.

Ubwino wa h-index ndi woti sikwera chifukwa cha pepala limodzi lamwayi, komanso sikwera chifukwa chochulutsa mapepala amene palibe akuwawerenga. Koma ubwino womwewo ndiwo chilema chake. Wofufuza amene ali ndi mapepala atatu otchulidwa ka 300, ka 2 ndi ka 1 h-index yake ndi 2, chikhalirecho pepala lake loyambalo mwina linasintha kaganizidwe ka anthu onse a m'gawo lake. Nambalayi sitsikanso, moti mkulu amene anasiya kufufuza kalekale amakhalabe pamwamba pa mnyamata kapena mtsikana amene akugwira ntchito yotamandika lero. Pofuna kuchepetsa kukonderaku, Hirsch yemweyo ananena kuti h-index igawidwe ndi zaka zimene zapita kuchokera pamene munthu anatulutsa pepala loyamba. Ngati wofufuza wathu wakhala zaka 10, 5 kugawa ndi 10 ndi 0.5. Ine ndimaona kuti pa zaka zimenezi m'pofunika kuchotsapo nthawi imene munthu anali pa tchuthi cha uchembere, kapena imene anasenzetsedwa udindo woyendetsa dipatimenti, chifukwa kuwerenga zaka zimenezo ngati za kafukufuku n'kumulakwira.

Kenako yang'anani amene akutchulawo. Kudzitchula wekha si mlandu, popeza kafukufuku wa chaka chino amamangidwa pa wa chaka chatha, koma ngati theka la kutchulidwa konse likuchokera kwa mwini wake ndi anzake a mu ofesi imodzi, nambalayo yafufuma ngati chitumbuwa chochuluka soda. Scopus ndi Web of Science zili ndi njira yochotsera kudzitchula, ndipo ndi bwino kulemba nambala zonse ziwiri. Onaninso malo a munthuyo pa mndandanda wa olemba. Pa zachipatala si zachilendo kupeza pepala la olemba makumi angapo, ndipo aliyense wa iwo amalandira kutchulidwa konse ngati kuti analilemba yekha. M'magawo ambiri wolemba woyamba ndi amene anagwira ntchito yaikulu, pamene wotsiriza amakhala woyang'anira, koma pa masamu mayina amatsata alifabeti, ndiye muyenera kudziwa mwambo wa gawolo musanagamule.

Za impact factor sindichulutsa. Nambala imeneyi imaonetsa mmene mapepala a m'magazini akutchulidwira, ndipo ndi ya magazini, osati ya munthu. Ngati magazini inatulutsa mapepala 200 mu 2022 ndi 2023, ndipo mu 2024 mapepalawo anatchulidwa ka 300, impact factor yake ya 2024 ndi 1.5. Mapepala ochepa otchuka ndi amene amakweza nambalayi, pamene ena ambiri m'magazini yomweyo satchulidwa n'komwe. N'chifukwa chake chikalata cha DORA chonena za kayezedwe ka kafukufuku, chimene chinakonzedwa ku San Francisco mu 2012, chimaletsa kuyeza munthu pogwiritsa ntchito impact factor ya magazini imene analembamo. Chofunika kuonetsetsa ndi choti magaziniyo ndi yeniyeni. Alipo amene amatumiza imelo yoyamikira, n'kulonjeza kutulutsa pepala m'masiku owerengeka mukalipira, popanda katswiri aliyense kuliunika. Fufuzani dzina la magazini pa mndandanda wa Scopus, pa DOAJ (mndandanda wa magazini owerengedwa mwaulere) kapena pa African Journals Online, pamene pamapezekanso Malawi Medical Journal.

Chimene makomiti athu amalakwitsa kawirikawiri ndi kuika pa sikelo imodzi anthu a magawo osiyana. Wofufuza za malungo kapena HIV ali ndi anzake ambirimbiri padziko lonse amene amalemba mwezi ndi mwezi, ndipo kutchulidwa kwake kumakwera msanga. Wofufuza zojambula za pamiyala za ku Chongoni, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kapena wofufuza zinyau zosungidwa ku Kungoni pa Mua, anzake ndi owerengeka, ndipo zambiri amazilemba m'mabuku amene Scopus ndi Web of Science siziwatola mokwanira. H-index ya 6 pa mbiri yakale ikhoza kulemera kuposa ya 15 pa zachipatala. Leiden Manifesto ya mu 2015, imene ili ndi mfundo 10 za kayezedwe ka kafukufuku, imanena zomwezi, ndipo imawonjeza kuti kafukufuku wothandiza anthu a m'dera lake atetezedwe kuti asaponderezedwe ndi manambala. Munthu ayerekezedwe ndi anzake a gawo lomwelo amene anayamba ntchito nthawi yofanana.

Mfundo yotsirizayi imatikhudza kwambiri kuno. Wofufuza wa ku Bembeke uja mwina ntchito yake yaikulu ndi mbewu imene alimi a ku Dedza ndi Ntcheu akubzala, kapena kabuku ka Chichewa kamene alangizi akuyenda nako m'midzi, ndipo palibe makina amene adzawerenge zimenezo. Umboni wake muyenera kuusonkhanitsa nokha: kalata ya ku ofesi ya zaulimi yotsimikiza kuti malangizo anu akugwiritsidwa ntchito, ndondomeko ya boma imene inatchula lipoti lanu, chiwerengero cha ophunzira amene munawayang'anira mpaka kumaliza digiri, ndi ndalama za kafukufuku zimene munapambana. Muzisunga zinthu zimenezi pamene zikuchitika, chifukwa kuzifuna patapita zaka zisanu, alangizi aja atasamutsidwa, n'kovuta.

Polemba zotsatira, tsamba limodzi ndi lokwana. Nenani kumene mwawerengera ndi tsiku limene mwawerenga, popeza manambalawa amasintha sabata ndi sabata. Lembani chiwerengero cha mapepala ounikidwa ndi akatswiri, kutchulidwa konse, kutchulidwa mutachotsa kwa mwini wake, h-index, ndi chaka cha pepala loyamba. Pansi pake musankhe zolemba zitatu kapena zisanu zimene mukuziona kuti ndi zofunika koposa, ndipo pa chilichonse mufotokoze m'ziganizo ziwiri kapena zitatu funso limene linafufuzidwa, gawo limene munthuyo anagwira, ndi amene agwiritsa ntchito zotsatira zake. Ngati muli pa komiti, pemphani zolemba zosankhidwazo pasadakhale, kuti membala aliyense afike ku msonkhano ataziwerenga.