Kasamalidwe ka injini yaing'ono ya turbo pa misewu ya kuno ku Chipata

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene akulowa pa Nakonde masiku ano sakubweranso ndi injini zija tinazolowera mu Allion ndi Corolla. Toyota C-HR, Auris ya 120T, Polo ndi Golf za TSI, zonsezi zili ndi injini yaing'ono ya petulo yokankhidwa ndi turbo. Ndi injini zabwino, sizimwa mafuta ambiri, ndipo zitunda za ku Kacholola zimakwera osadandaula. Koma zimene injini yakale ija ya 1NZ inkapirira, monga oyilo wolimba wa 20W-50, madzi a pampopi mu radiyeta ndi sevisi ya "ndikapeza ndalama", izi zimaipha isanakalambe.

Titenge ya Toyota yotchedwa 8NR-FTS, imene inayamba mu Auris mu 2015 kenako n'kulowa mu C-HR. Ndi ya malita 1.2, masilinda anayi, mavalavu 16, ndipo imayendera tcheni osati lamba. Mphamvu yake ndi 85 kW. Chofunika kwambiri kwa woyendetsa ndi kukoka kwake, 185 Nm, kumene kumapezeka kuyambira pa 1,500 mpaka 4,000 rpm, kutanthauza marevu, maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi. Injini ya 1NZ ya malita 1.5 imafika pafupifupi 140 Nm basi, ndipo mpaka mutaikuwitsa kupitirira 4,000. Kusiyana konseku kumachokera ku turbo. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kagudumu, kagudumu kameneka kali pa shafiti imodzi ndi kanzake kopanikizira mpweya mu masilinda, ndipo shafitiyo imatha kuzungulira maulendo opitirira 150,000 pa mphindi imodzi. Chimene chimaisiyanitsa ndi chitsulo chinzake ndi kaoyilo kopyapyala kobwera kudzera mu kapaipi kakang'ono ngati bolopeni. Kapaipi kameneka kakatsekeka, turbo imatha m'mphindi zochepa.

Ndiye nkhani yaikulu ndi oyilo. Toyota imafuna 0W-20, ndipo 5W-30 nayenso ndi wololedwa. Kwa galimoto yopita ku Mfuwe kawirikawiri, kumene mu October kumatentha kupitirira madigiri 40, 5W-30 ndiye wabwino. Amalowa pafupifupi malita 4 pamodzi ndi fyuluta. Manambalawo paokha sakwanira. Tembenuzani chigubu muone ngati palembedwa API SP, kapena SN Plus. Injini zazing'ono za turbo zili ndi vuto lotchedwa LSPI: mukaponda kwambiri injini ili pa marevu otsika, kadontho ka oyilo kosakanikirana ndi petulo kamatha kuyaka kokha pulagi isanathethetse moto, ndipo kuphulika kwake kumatha kuswa pisitoni kamodzi n'kamodzi. SN Plus inabwera mu 2018 ndipo SP mu 2020, zonse pofuna kuthana ndi vutoli. Oyilo wolembedwa SL kapena SJ, ngakhale atchipe bwanji, musiyeni pa shelefu. Chimodzimodzi wopungulidwa m'mabotolo a madzi, komanso chigubu chimene chidindo cha pa chivundikiro chake chikuoneka kuti chinatsegulidwapo.

Sinthani oyilo ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 aliwonse kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Wina akuonetsani buku lolola mtunda wotalikirapo, koma buku lomwelo limadula mtundawo pa galimoto yoyenda m'fumbi ndiponso maulendo afupiafupi, ndipo kuno zonse ziwiri n'zathu. Tenthetsani injini kaye, tsegulani bawuti ya pa sampu (mosungira oyilo pansi pa injini) kuti wakale atuluke, ikani washa yatsopano n'kumanganso bawutiyo, thirani malita atatu ndi theka, lizani injini osaponda kwa mphindi imodzi, zimitsani, dikirani mphindi zisanu, yezani, kenako onjezani pang'onopang'ono mpaka kufika pa chizindikiro cha pamwamba. Musapitirire. Oyilo wochuluka amachita thovu ndipo wina amakankhidwira mu mapaipi a mpweya.

Masabata awiri aliwonse solani kachitsulo koyezera. Musangoona ngati oyilo watsika, onaninso ngati wakwera, ndipo mununkhize. Injini iyi imapopera petulo mwachindunji mu silinda, ndiye ikakhala yozizira petulo wina amatsetsereka m'mbali mwa pisitoni n'kukalowa mu sampu. Galimoto imene ntchito yake ndi kuchoka kunyumba, kusiya ana kusukulu, kufika pa Kapata n'kuzimitsidwa, siitentha mokwanira kuti petuloyo auluke. Oyilo amasungunuka ngati madzi n'kumanunkha petulo. Mankhwala ake ndi ulendo wa mphindi 30 kapena 40 pa Great East Road kamodzi pa sabata, cha ku Katete kapena ku Mwami n'kubwerera. Ngati oyiloyo akukwerabe, pimitsani ma injector, tizida topopera petulo mu silinda.

Fumbi la August mpaka October ndi mdani wachiwiri. Mapiko a kagudumu ka turbo ndi opyapyala, ndipo mchenga ukawamenya pa liwiro limenelo umawadya m'mphepete ngati chikwanje chakale. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya pa sevisi iliyonse, ndipo ngati mumayenda misewu yafumbi ya ku Vubwi kapena kumidzi ya ku Chadiza, mwezi uliwonse. Pisani chala mkati mwa paipi ya kuseri kwa fyuluta, yopita ku turbo. Chala chizituluka choyera. Chikatuluka ndi fumbi lofiira, fyuluta yang'ambika, siikukhala bwino pa mphira wake, kapena kopanira kamodzi ka bokosi kathyoka. Chizolowezi cha m'magalaja chouzira fyuluta ndi mpweya wa kompulesa chimaboola timabowo tosaoneka ndi maso mu pepala lake. Fyuluta yakuda ndi yotaya.

Pa C-HR ya turbo mupeza timatanki tiwiri ta kulanti (madzi oziziritsa injini), chifukwa intercooler, imene imaziziritsa mpweya wochokera mu turbo, ili ndi madzi akeake ndi pampu yake yamagetsi. Ambiri amayang'ana kamodzi kokha. Tonse tiwiri timafuna kulanti wa pinki wa Toyota. Madzi a pa mjigo amasiya laimu ndi dzimbiri m'tinjira ta madzi, ndipo mu injini iyi tinjira timeneti timazunguliranso pamene utsi umatulukira, mkati mwa mutu wa injini momwemo. Makaniko akanena kuti achotse thermostat, kavalavu kotsekereza madzi mpaka injini itatentha, popeza kwathu n'kotentha, mukaneni. Injini izichedwa kutentha ndipo vuto la petulo mu oyilo lija lizikula. Nyengo ya mvula ikatha, tsukani njere za udzu ndi tizilombo pa radiyeta ndi madzi opanda mphamvu.

M'mawa palibe chifukwa choiliza mphindi khumi pabwalo. Masekondi 30 akwana, kenako yendani mofatsa mpaka itatentha. Pozimitsa ndiye pofunika kusamala. Mukakwera zitunda kuchokera pa mlatho wa Luangwa galimoto itadzaza n'kuima pa Nyimba, isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukazimitsa pomwepo, oyilo wotsala mu turbo yotentha amapsa n'kusanduka timakala, tomwe timatseka kapaipi kaja. Mukalowa m'tauni ya Chipata mwapang'onopang'ono kwa makilomita angapo, yazizira kale, zimitsani. Amene ali ndi giya yamanja asamakwere chitunda pa giya yachisanu atapondereza mpaka pansi. Tsitsani giya, marevu akwere kupitirira 2,000.

Mapulagi ake ndi a iridium, ndipo ikani a nambala yomweyo. Mpata wake osaugogoda, kansonga kake kamathyoka. Kuno ndi bwino kuwasintha cha pa makilomita 60,000. Pulagi yotopa imayamba kuonekera pokwera kapena popitirira galimoto ina: injini imagwedezeka ndipo nyale ya injini imaphethira. Ikamaphethira, chotsani phazi, chifukwa petulo wosapsa akukawotcha catalytic converter, chida choyeretsa utsi. Makina opimira akaonetsa P0302, vuto lili pa silinda yachiwiri. Sinthanitsani koilo yake ndi ya silinda yachitatu. Nambala ikasamukira ku P0303, yafa ndi koilo, ndipo mugula imodzi yokha.

Pali vuto lina limene limabwera ndi zaka. Popeza petulo sadutsa pa mavalavu olowetsa mpweya, palibe chowatsuka, ndipo mwaye wosakanikirana ndi nthunzi ya oyilo umawunjikana kuseri kwake. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera m'mawa ndi mphamvu kuchepa pang'onopang'ono. Mankhwala othira mu thanki safikako n'komwe. Pamafunika kumasula manifold, mapaipi olowetsa mpweya mu injini, n'kupala mwayewo, mavalavu a silinda imene mukuyeretsa ali otsekeka. Mapaipi achitsulo a petulo a pamwamba pa injini osawamasula mwachisawawa, mphamvu ya m'menemo imafika cha m'ma 200 bar. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu amabwera ndi madzi ndi zinyalala, ndipo pampu yofinya choncho siimukhululukira.

Galimoto ikafooka n'kuonetsa P0299, musathamangire kuitanitsa turbo ku Lusaka. Nthawi zambiri ndi paipi ya mpweya yosweka, chomangira chomasuka kapena wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi pa turbo, yosatseka bwino. Turbo yothadi imalira ngati sailini, imatulutsa utsi wabuluu, ndipo mukachotsa paipi ya kutsogolo n'kugwedeza shafiti ndi zala injini itazima, mapiko amakhudza khoma. Kusewera pang'ono cham'mbali n'kwachibadwa, kolowa ndi kutuluka ayi. Poika ina, sinthani kapaipi ka oyilo, oyilo yemweyo ndi mafyuluta onse, tsukani mapaipi a mpweya, ndipo thirani oyilo pa khomo la turbo musanalize. Kusiya kapaipi kakale ndi kumene kumapha turbo yachiwiri.

Za mitundu ina, mwachidule. TSI zakale za 1.2 ndi 1.4, za banja la EA111, zimadziwika ndi tcheni yotamuka. Imvetsereni poiliza koyamba m'mawa: ikachita phokoso la zitsulo kwa masekondi angapo, sinthani tcheni ndi chokungira chake isanadumphe mano. Za EA211 zimene zinabwera pambuyo pake ndi za lamba. Ford 1.0 EcoBoost yoyamba ili ndi lamba woyenda mu oyilo, ndipo oyilo wolakwika amamufumbutsa, nyenyeswa zake n'kutseka sefa ya pampu mu sampu.

Galimoto yongofika kumene kuchokera ku doko la Dar es Salaam yayenda ulendo wautali ndi oyilo amene simukudziwa msinkhu wake. Musakhulupirire kapepala ka sevisi komata pa chitseko. Sabata yoyamba khuthulani oyilo, sinthani mafyuluta, tulutsani mapulagi muwaone, yang'anani timatanki tonse tiwiri, ndipo lembani makilomita a tsikulo m'kabuku kosungidwa m'galimoto momwemo.