Musanaike mtengo pa PlayStation

Anzanga amene mumaoda PlayStation 5 (makina osewerera magemu pa TV) ku Joni n'kumagulitsa muno mu Lilongwe, musamawerengere mtengo pa ndalama imene munagulira. Werengerani imene idzafunike kuti mukaodenso ina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsa pa mtengo wakale anadyera mpamba kumodzi. Phatikizaninso thiransipoti, msonkho wa pachipata cha Dedza, ndi mtengo weniweni umene mwapezera randi.

Komatu anthu m'thumba mwauma, tisanamizane. Wina akalira, musathamangire kutsitsa. Chotsanipo kontirola yachiwiri kapena gemu imodzi, mtengo utsike wokha. Muyatsireni pa TV aone yekha kuti ikugwira. Koma za "ndidzamaliza kumapeto kwa mwezi" zija, ayi ndithu.