Kuchepetsa thupi popanda mapilitsi kapena opaleshoni, mmene mungayambire kuno ku Kasungu

Abale anga, zimandipweteka mtima ndikaona azimayi anzanga akutaya ndalama pa matiyi ndi mapilitsi ochepetsa thupi aja amagulitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula m'mimba kapena kukukodzetsani pafupipafupi, nde sikelo imatsika chifukwa mwataya madzi, mafuta ali phee pomwepo. Njira ina ilipo, kungoti imafuna kudekha.

Yambani ndi chingwe. Dulani chingwe chotalika ngati inuyo kuchokera kumutu mpaka kuphazi, chipindeni pakati kenako muchizungulize m'chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndi omwe amaitana shuga ndi BP. Pasikelo kwerani kamodzi pa sabata basi. Musafune zambiri, theka la kilo kapena kilo imodzi pa sabata ndi zokwanira, ndipo munthu wa makilo 90 akangotsitsa makilo 5 mpaka 9 BP ndi shuga zimayamba kale kumvera.

Chotsani kaye zakumwa musanakhudze nsima. Botolo la Coca-Cola la 300ml lili ndi shuga pafupifupi masupuni ang'onoang'ono 8, pomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole masupuni pafupifupi 12 tsiku lonse. Nde taganizani tiyi wam'mawa wa masupuni anayi, thobwa lotsekemera masana, Sobo madzulo, kwa abambo kuphatikizapo Chibuku, tsiku lisanathe mwapyola kalekale ndipo m'mimba simunamve kukhuta. Shuga wa mutiyi muzichotsa supuni imodzi sabata iliyonse, lilime limazolowera.

Tsopano nsima, apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amaisiyiratu, amapirira masiku anayi akunjenjemera, tsiku lachisanu adya mitanda inayi. Musaisiye ayi. Ngati mumadya mitanda itatu bwerani pa iwiri, pakatha mwezi mubwere pa mtanda umodzi ndi theka, ndipo mukapita kuchigayo gayitsani mgaiwa chifukwa gaga uja amakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Malo omwe nsima yasiya mudzaze ndi masamba, theka la mbale likhale bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa kapena mpiru, ndipo muyambe kudya masambawo musanatape nsima. Pambali pakhale nyemba, khobwe, usipa, dzira kapena soya, poti kuno soya ndi mtedza timalima tokha. Koma mtedza wokazinga samalani nawo, ndi wabwino inde koma uli ndi mafuta ambiri, kadzanja kamodzi kakwana. Mudye mumbale yanuyanu, mukamadyera limodzi simudziwa kuti mwatapa zingati.

Mafuta ophikira musamathire kuchokera mubotolo, yezani ndi supuni. Tchipisi cha pachiwaya, mandasi ndi zigege zisakhale za tsiku ndi tsiku, m'malo mwake mbatata yophika, chimanga chootcha kapena nthochi.

Kuyenda sikufuna jimu. WHO imati mphindi 150 pa sabata, kutanthauza mphindi 30 masiku asanu, kuyenda kwa ndawala kofika popuma mwamphamvu koma mukutha kuyankhula. Potuluka mumsika pa boma siyani kabaza muyende wapansi, kapena tsikani patali pang'ono ndi kunyumba. Mwezi wa Okutobala dzuwa la kuno silichita masewera, nde yendani mbandakucha. Mawondo akazolowera pezani anzanu awiri atatu muzikwera phiri la Kasungu Loweruka. Tulo natonso, maola 7 kapena kuposerapo, munthu wosagona bwino amamva njala kwambiri mawa lake.

Mwina munamvapo za majakisoni ngati Ozempic ndi Wegovy, obaya kamodzi pa sabata. Amachepetsadi chilakolako cha chakudya koma ndi odula kwambiri, amafuna adokotala akuyezeni kaye, ndipo ambiri akasiya thupi limabwerera. Osagula kwa munthu wa pa intaneti chonde.

China chomwe sindingachisiye, ma ARV ena ndi jakisoni wakulera amatha kunenepetsa anthu ena. Musasiye mankhwala panokha, kafotokozeni kuchipatala akuthandizeni. Chimodzimodzi amene muli pa mankhwala a shuga, musadumphe chakudya musanafunse, ndipo amayi oyembekezera ino si nthawi yochepetsa thupi.

Mukayamba kuphwa anthu ayankhula, ena ati mukudwala, apongozi ati mwana wawo sakukusamalani. Auzeni akunyumba musanayambe, makamaka amene amaphika, kuti mukuthawa BP ndi shuga, ndipo muwapemphe kuti mbale yanu aziomolera mitanda iwiri yokha.