Samukani madzi asanafike pakhomo

Amene mumalima m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje mukudziwa kuti dothi lachonde lomwe limakudyetsani linabwera ndi madzi omwewo amene amagumula nyumba. N'chifukwa chake ine sindiuza anthu kuti asiyiretu minda yawo. Chomwe ndimalimbikira n'chakuti banja lililonse lidziwiretu nthawi yochoka, njira yodzera ndi katundu wonyamula mvula isanayambe.

Gwirizanani pamudzi, mukhome chikhomo kapena mupake utoto pamtengo wa m'mphepete mwa mtsinje, n'kupangana kuti madzi akafika pamenepa nonse mukunyamuka. Pakhale anthu osinthana kuchiyang'ana usana ndi usiku, ali ndi foni. Musayang'ane mitambo ya pamwamba panu yokha, chifukwa mtsinje umadzaza ndi mvula yomwe yagwa kutali kumapiri, kwanu kuli ngwee.

Ambiri amachedwa chifukwa cha ziweto. Bambo amati "tidikire kuche," koma kukamacha njira yatsekeka. Ng'ombe ndi mbuzi zipite kumtunda chenjezo likangomveka, ndipo zikakudzidzimutsani, masulani zingwe n'kutsegula khola, poti mbuzi yomangidwa imafera pachikhomo pomwepo. Madzi othamanga ofika masentimita 15, kungopitirira akakolo pang'ono, amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 60 amakokolola galimoto. Nanga mayi wobereka mwana kumsana, katundu ali pamutu?

M'thumba lonyamula, lomwe lizikhala lokonzeka nyengo yonse ya mvula, muikemo ziphaso ndi mabuku a kuchipatala zokulunga m'pulasitiki, neti yoteteza ku udzudzu, tochi, ndi mankhwala a anthu amene amamwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV, a TB kapena a shuga. Chigubu chokhala ndi chotsekera chisatsale.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri chikaiwalika ndi mbewu. Madzi akaphwa amasiya chinyezi ndi dothi latsopano, ndipo mlimi amene wasunga mbewu zocha msanga amabzala nthawi yomweyo, pomwe mnzake akudikira thandizo lomwe kawirikawiri limafika nthaka itayamba kuuma. Umitsani mbewu bwinobwino, ikani m'chigubu kapena m'ndowa yotseka kuti mpweya ndi madzi zisalowe, ndipo muisungitse kwa wachibale wa kumtunda nyengo isanavute. Musasunge zonse malo amodzi. Mbewu yothira mankhwala ilembedwe poonekera, kuopa kuti njala ikakula wina angaiphike.

Mukafika kumsasa wa anthu othawa madzi, nkhani yaikulu ndi madzi akumwa. Madzi osefukira amakokolola zimbudzi n'kuthira zonyansazo m'zitsime, choncho ngakhale mjigo umene unamira musaukhulupirire mpaka azaumoyo atautsuka. Madzi akhale akubwata kwa mphindi imodzi, kapena thirani kolorini n'kudikira mphindi 30. Akakhala amatope, asiyeni adikhe kaye, musefe ndi nsalu yoyera, kenako muthire mankhwala. Muyezo wa Sphere, umene mabungwe ambiri opereka thandizo amatsatira, umati munthu mmodzi apeze malita osachepera 15 patsiku, chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, ndipo chitalikirane ndi chitsime mamita 30. Komiti ya pamsasa idziwe manambala amenewa kuti pokadandaula ikhale ndi poyambira.

Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, m'patseni ORS, mankhwala a m'paketi osungunula m'madzi obwezeretsa madzi m'thupi, ali m'njira yopita kuchipatala. Paketi ikasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Wakhanda apitirize kuyamwa.

Polembetsa mayina a olandira thandizo, onetsetsani kuti okalamba, olumala ndi amayi oyembekezera alembedwa, chifukwa iwo sangalimbane nawo pamzere. Thandizo ndi laulere. Wopempha ndalama kapena kugonana kuti akulembeni mumuneneze.

Pobwerera musathamangire kugona m'nyumba. Khoma ladothi lomwe lamwa madzi limatha kugwa patapita masiku, dzuwa litawala kale. Yang'anani ming'alu ndi pansi pa khoma, gogodani mitengo ya denga, ndipo musapise dzanja m'nkhokwe kapena pamulu wa nkhuni musanatokose ndi ndodo, chifukwa njoka nazo zimathawira m'malo ouma omwewo.